Lo ndi Lapa: Mbiri ya Mau Oloza m'Zinenero Zochita Kupanga

Pali chinenero china chimene amuna ambiri achikulire a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona amachidziwa, chingakhale sadachiyamwe kwa amai awo, ndiponso sadachisiyire ana awo. Ku Joni chimatchedwa Fanakalo. Ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, chinkatchedwa Chilapalapa, ndipo dzina limeneli ndilo lidazika mizu m'Malawi. Azulu ena, pochinyoza, adachitcha isiLololo. Chodabwitsa nchakuti maina atatu onsewa adachokera ku timau tiwiri tokha, lo ndi lapa, timene ntchito yake ndi kuloza. Fana ka lo ndiye kuti "monga chonchi". Lapa ndiye kuti "apa". Lololo ndi m'mene chinenerocho chinkamvekera m'makutu mwa eni Chizulu, popeza lo ankatsogolera pafupi-fupi dzina lililonse. Zinenero zambiri zimatenga dzina la mtundu wa anthu kapena la dziko, monga Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi. Ichi chidatenga dzina la chala.

Kuti nkhani ya timau tiwiriti imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi chuma chimene mnyamata wa ku Dowa, ku Dedza kapena kwa Kalolo ankanyamuka nacho m'kamwa mwake popita ku migodi. Ana a sukulu amaphunzira za alowam'malo oloza ndi afotokozi oloza, nalemba mayeso, naiwala, osadziwa kuti m'chigawo chimenechi Chichewa nchoposa zinenero zambiri zotchuka. Chingerezi chiri ndi masitepe awiri okha, cha pafupi ndi cha patali. Chichewa chiri ndi anai.

Mai wogulitsa nsomba mu msika wa Lilongwe akati "nsomba iyi", ndiye kuti nsombayo ili pafupi ndi dzanja lake. Akati "nsomba iyo", ili poteropo, mwina pa benchi la mnzake, ndipo akakoka liu nati "iyooo", ndiye kuti ili kutali ndithu. Mpaka apa Mngerezi angatsatire. Koma mai yemweyo akati "msika uno", sakuloza kanthu kali konse kunja kwa iye; akunena za malo amene amuzungulira, amene iye ali m'kati mwake. Ndi chifukwa chake anthu amati mudzi uno, chaka chino, usiku uno, dziko lino. Munthu woima pa msewu amati "nyumba iyi ndi yanga", koma akalowa nakhala pa mkeka amati "nyumba ino ndi yanga", ndipo mwana wa zaka zinai sasokoneza ziwirizi.

Sitepe lachinai ndilo lozama koposa. Mai wa ku Biwi akauza mnzake pa mpope kuti, "Munthu uja wabweranso," sadatchule dzina, sadatukule chala, munthuyo palibe, komabe mnzakeyo wamva kale, ndipo mwina wayamba kale kuseka kapena kugwira pakamwa. Mlendo amene waima pomwepo samva kanthu. Uja saloza malo ai. Amaloza chikumbumtima cha anthu awiri, ndipo sagwira ntchito pokhapokha ngati wonena ndi womva adayendapo limodzi, adaonapo limodzi, kapena adanong'onezanapo. Ngongole ija, tsiku lija, paja tidagwa pa njinga paja: ali onse mwa mau awa ndi umboni wakuti pali dzulo limene anthu awiriwo adagawana.

Masitepe anaiwa amasintha malinga ndi gulu la dzina. A pafupi alipo 12: uyu, awa, uwu, iyi, ili, ichi, izi, aka, iti, uku, apa, umu. Anzake othera ndi o, monga uyo ndi icho, aliponso 12. Othera ndi -no alipo 11, othera ndi -ja aliponso 11. Onse pamodzi akukwana 46, osawerengera ameneyu, yemweyu, komweko, ndi zidule zomatirira ku dzina monga munthuyu ndi nyumbayo. Ndiponso mau amenewa amasenza ulemu. Mwana wolongosoka sanena kuti "uyu ndi bambo wanga". Amati "awa ndi bambo anga", chingakhale bamboyo ndi mmodzi. Wofuna kuchepsa mnzake amati "aka", wofuna kumunyoza amati "ichi", ndipo ndeu zambiri za pa mowa zidayambira pa liu limodzi lotere. Anthu amene ankaletsa ana awo kuloza wamkulu kapena kumanda ndi chala adali kudziwa kuti kuloza si nkhani ya masewera.

Palibe munthu amene adakhala pansi napanga zonsezi. Zidamera zokha m'mibadwo yosawerengeka. Tsono munthu akafuna kupanga chinenero chatsopano ndi manja ake, pa mau oloza ndi pamene pamaonekera maganizo ake eni-eni, chifukwa ayenera kusankha: kodi anthu amene adzalankhule chinenero chimenechi adzakhala ataima motani wina ndi mnzake?

Amene adayankha funsoli mwaluso koposa adali L. L. Zamenhof, Myuda wobadwa mu 1859 mu mzinda wa Białystok, umene lero uli m'dziko la Poland koma pa nthawiyo udali pansi pa ufumu wa Russia. Mu mzindamo munkakhala Ayuda, Apolishi, Arasha ndi Ajeremani, mtundu uli wonse ndi chinenero chake ndi chidani chake. Mnyamatayo adakula ndi chikhulupiriro chakuti anthu akadakhala ndi chinenero chimodzi chopanda mwini, bwenzi chidanicho chitachepa. Adaphunzira udotolo, nakhala sing'anga wa maso, ndipo mu 1887 adasindikiza kabuku mu mzinda wa Warsaw, nadzitcha Doktoro Esperanto, ndiko kuti dotolo woyembekeza. Dzinalo lidasanduka la chinenerocho. Sadali woyamba ai. Mu 1879 wansembe wa Chikatolika wa ku Germany, Johann Martin Schleyer, adali atapanga kale Volapük, m'mene "uyu" adali at ndipo "uyo" adali et. Koma Volapük idawala kanthawi kochepa nizima, pamene Esperanto ilipo mpaka lero.

Mau ambiri a Esperanto Zamenhof adachita kubwereka ku Chilatini, Chifalansa, Chijeremani ndi Chingerezi. Pa mau oloza ndi ofunsa mpamene adamanga nyumba yake-yake. Adatenga mitu isanu. Ki- ndi wofunsa, ti- ndi woloza, i- ndi wa chinthu chosadziwika bwino, ĉi- ndi wa zonse, neni- ndi wokana. (Chilembo cha ĉ chimamveka monga ch wa m'liu lakuti chala.) Kenaka adatenga michira isanu ndi inai: -u wa munthu kapena chinthu chimodzi chosankhidwa, -o wa chinthu wamba, -a wa mtundu, -es wa mwini, -e wa malo, -am wa nthawi, -al wa chifukwa, -el wa njira, -om wa kuchuluka. Mutu uli wonse ungalumikizidwe ndi mchira uli wonse. Motero kie ndi "kuti?", tie ndi "uko", ie ndi "kwina", ĉie ndi "konse-konse", nenie ndi "palibe kuli konse". Kiam ndi "liti?", tiam ndi "pa nthawi imeneyo". Wophunzira akaloweza tizidutswa 14, wapeza mau 45.

Aphunzitsi amaitama ndandanda imeneyi, ndipo nkoyenera kutero. Komatu Mchewa akaiyang'anitsitsa amaona kanthu kamene akukadziwa kale. Kuti, uko, kwina, konse-konse. Pati, apo, pena, ponse-ponse. Muti, umo, mwina, monse-monse. Ndandanda ya malo imene dotolo wa ku Warsaw adaisema ndi khama, Chichewa chidali nayo kale, ndipo katatu, popeza pamene Esperanto ili ndi tie mmodzi, Chichewa chimalekanitsa apo, uko ndi umo. Chimene Chichewa chiribe ndi mzere wa neni-. Pokana, icho chimadalira mneni, monga "sindidamuone kuli konse".

Pa mau 45 aja, oloza eni-eni ndi 9 okha, a mutu wa ti-, ndipo onsewo amaloza patali. Wofuna kuloza pafupi amaonjezera kaliu kakuti ĉi, kutsogolo kapena kumbuyo: tiu ndi "uyo", ĉi tiu kapena tiu ĉi ndi "uyu", tie ndi "uko", ĉi tie ndi "kuno". Masitepe ndi awiri basi, monga m'Chirasha ndi m'Chingerezi. "Nyumba iyi" ndi "nyumba ino" zonse ndi ĉi tiu domo. "Munthu uyo" ndi "munthu uja" onse ndi tiu homo, ndipo wofuna kunena uja ayenera kuonjeza mau ena ofotokoza. Ichi sichidali chibwana. Zamenhof ankapangira chinenero chake anthu osadziwana, monga aja 688 amene adasonkhana ku Boulogne-sur-Mer m'dziko la France mu 1905 pa msonkhano woyamba waukulu wa Esperanto. Alendo okumana koyamba alibe uja. Chimene amasowa ndi kumvana mosakaika, pa ulemu wofanana, ndipo ichi ndandandayo imapereka. Imalekanitsanso tiu ndi tio, kotero kuti munthu samuloza ndi liu la chinthu wamba.

Ngakhale zidali tero, ndandanda yomweyi ndiyo idali m'gulu la zinthu zimene zidang'amba mpingowo. Otsutsa ankati kiu, kio, kia, kie, kiel, kial, kiam ndi kiom ndi zokongola pa pepala koma zofanana kwambiri m'khutu, ndipo ali yense amene adayesapo kuwerenga nkhani pa wailesi angamvetse dandaulo limeneli. Mu 1907 kagulu kamene mtsogoleri wake adali Louis Couturat kadatulutsa Ido, mwana wa Esperanto, kataphwasula ndandandayo. M'malo mwake kadaika mau otengedwa ku Chilatini, osafanana: ica ndi ita, hike ndi ibe, ube ndi kande. Ambiri adakana kutsatira, nakhalabe ndi Zamenhof. Mu August 2024 msonkhano wa dziko lonse wa Esperanto udachitikira ku Arusha m'dziko la Tanzania, koyamba pa nthaka ya Africa, ndipo ndandanda ya 1887 idali ikadali chikhalire.

M'zaka zomwezo zimene Azungu ankakangana za tiu ndi ita, m'Nyasaland namo mudali anthu amene ankasema chinenero. Kuyambira mu 1900 amishoni a mipingo yosiyana adagwirizana zopanga Chinyanja chimodzi cha m'mabuku, chimene chingamveke kwa Amang'anja a kum'mwera ndi Achewa a pakati. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi William Murray wa mpingo wa Dutch ndiwo adali patsogolo, ndipo ntchito yaikulu idagwiridwira ku Mvera m'boma la Dowa, pamodzi ndi aphunzitsi a Chimalawi. Chipatso chake chidali Buku Lopatulika la 1922. Chinyanja chimenecho palibe mudzi umene unkachilankhula ndendende. Chidali cha komiti. Koma pa mau oloza komitiyo idalibe choti nkupanga, popeza idawapeza ali okwana kale. Vuto lake lidali lina: Chigiriki cha Chipangano Chatsopano chimadalira kwambiri mau awiri oloza, houtos ndi ekeinos, ndipo womasulira ankayenera kusankha yekha ngati pamenepo payenera uyu, uyo, uja kapena ameneyu. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 mu Lilongwe utasintha dzina kukhala Chichewa, ndiponso Chichewa Board itakhazikitsidwa mu 1972, kalembedwe kadasinthidwa kangapo, koma uyu, uyo, uno ndi uja palibe adawakhudza.

Chilapalapa chidayenda njira yosiyana ndi zonsezi. Sichidabadwire pa tebulo la munthu mmodzi. Chidayamba chokha m'zaka za m'ma 1800 cha ku Natal, kumene Angerezi, Azulu, ndiponso Amwenye amene adayamba kufika mu 1860 kudzalima nzimbe, ankafuna kumvana pa ntchito popanda kuphunzirana zinenero. Miyala ya daimondi itapezeka ku Kimberley, ndi golide ku Witwatersrand mu 1886, chinenerocho chidatsikira m'migodi, nichiwolokanso Limpopo kupita m'mafamu ndi m'makhitchini a ku Rhodesia, mpaka ku migodi ya kopa, kumene chidatchedwa Cikabanga. Koma eni migodi atachipeza sadachisiye monga chidaliri. Adachilemba m'mabuku, nachionjezera maina a zida, nachiika m'sukulu za pa mgodi, nalamula kuti Mzungu ndi wakuda yemwe achiphunzire. Bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, lidasindikiza mtanthauzira-mau wake. Mu 1947 kudatuluka buku lochitcha Basic Bantu, ndipo mu 1951 J. D. Bold adatulutsa lake, lochikweza ngati chinenero cholumikiza kum'mwera konse kwa Africa. Theka chidamera chokha, theka chidachita kupangidwa, ndipo opangawo adali mabwana.

Chimene chidachitika kwa mau oloza m'chinenero chimenechi nchomvetsa chisoni kwa ali yense wodziwa Chizulu. Chizulu chiri ndi masitepe atatu, ndipo nacho chimasintha ndi gulu la dzina. Munthu ndi lo, lowo, lowaya. Anthu ndi laba, labo, labaya. Pali leli, lelo, leliya. Lesi, leso, lesiya. Lezi, lezo, leziya. Ndipo pa malo pali lapha, lapho, laphaya. M'nkhokwe yonseyi Fanakalo idatolamo lo ndi lapa, zotsalazo nizitaya. Lo adasanduka wa dzina liri lonse, la munthu ngakhale la chitsulo, la chimodzi ngakhale la zambiri: lo muntu, lo foshol, lo madoda. Kawiri-kawiri sankalozanso kanthu. Ankangoima kutsogolo kwa dzina monga amachitira the m'Chingerezi, chimene chikuonetsa kuti mafupa a chinenerocho adali a Chizungu chingakhale mnofu udali wa Chizulu. Lapa adasenza katundu woposa. Adali "apa", adalinso "apo" akanenedwa motsindika ndi mokoka, ndipo adalowanso m'malo mwa pa, ku ndi mu. Pamgodi, kumgodi ndi mumgodi zidasanduka chimodzi.

Mu 1953 D. T. Cole, katswiri wa zinenero wa pa yunivesite ya Witwatersrand, adayankha okweza Fanakalo. Adawerengera kuti pa mau 100 ali onse, pafupi-fupi 70 adali a Chizulu ndi zinenero zapachibale, 24 a Chingerezi, 6 a Chibunu. Koma adaonetsanso kuti chimene chimapanga zinenero za Chibantu, ndiko kugwirizana kwa maina ndi agwirizanitsi ake, m'Fanakalo mudalibe, ndipo kuti eni zinenerozo ankachiona ngati chipongwe. Kulankhula Fanakalo kwa Mzulu kunja kwa ntchito kudali kumutukwana.

Eni migodi adali ndi yankho lawo, ndipo si lonse lidali lachabe. Pansi pa nthaka pankakumana Mshangani, Msutu, Mxhosa, Mnyasa ndi Bunu. Kudali mdima, fumbi ndi phokoso la makina oboola mwala. M'malo otere liu lalifupi lodziwika kwa onse lingapulumutse moyo, ndipo nyali ya pa chipewa inkagwira ntchito ya chala: kumene kwawala ndiko lapa, chimene chawala ndicho lo. Kaphunzitsidwe kake nako kadali ka kuloza ndi kubwereza, mlangizi atukula chida nafunsa, "Yini lo?", gulu niliyankha pamodzi. M'masiku owerengeka mnyamata wa kwa Kalolo adali atadziwa buya lapa, bwera kuno, tata lo, tenga ichi, faka lapa, ika apa, basopa, chenjera. Koma womvera aone kuti onsewa ndi malamulo. Chinenero chimenechi chinkatha kunena "chita chonchi". Chinkavutika kunena chifukwa chake, ndipo chinkavutika koposa kuti wolamulidwayo atsutse. "Basopa lo" ndi mau abwino ngati nyali ikuwala pa mwala umodzi. Denga lonse likamalira, munthu amafuna kunena kuti si uwu ai, koma uwo, pafupi ndi paja padagumuka dzana paja, ndipo apa mpamene Mchewa ankasowa mau ake 46 aja.

Chachikulu koposa nchakuti lo sankalekanitsa munthu ndi fosholo. Bambo wa ana asanu, amene kwawo ku Ntcheu palibe akadamutchula popanda "awa", ankalozedwa ndi liu lomwelo limene linkaloza ngolo ndi chingwe. Esperanto idalibe uja chifukwa idapangidwira alendo ofanana. Chilapalapa chidalibe uja, chidalibe uno, chidalibenso awa waulemu, chifukwa chidakonzedwera anthu awiri amene sankayembekezeka kugawana dzulo, kukhala m'nyumba imodzi, kapena kulemekezana. Ndipo pali mbali ina yowawa. Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu 1835 akulankhula chinenero chapachibale ndi Chizulu, chodzaza ndi masitepe ake onse. Patapita zaka 100, zidzukulu zawo, zambiri zitataya kale Chingoni, zidabwerera kum'mwera kukaphunzitsidwa zigoba za chinenero cha makolo awo m'kamwa mwa kapitao wa Chizungu.

Amalawi amene adadutsa m'sukulu imeneyi sadali ochepa. Oyamba ankayenda pansi, a selefu, miyezi yathunthu. Mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Bungwe la Wenela lidatsegula zipata zake, ndipo dzina lake likadalipo pa malo okwerera mabasi mu Blantyre. Opita ku Southern Rhodesia ankalembedwa ndi Mthandizi. M'zaka za m'ma 1950 kudabwera ndege zonyamula anthu kudzera ku Francistown. Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya ku Joni adaposa 100,000, ndiye kuti oposa mmodzi mwa anai ali onse a antchito akuda. M'makomponi ankagonekedwa potsata mitundu, motero usiku Chinyanja chinkabwerera m'kamwa. Fanakalo idali ya usana, kapena kuti ya mdima wa pansi.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 obwerera kwawo adafera pomwepo. Dr. H. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira unyinji udabwerera. Kulembako kudayambanso mu 1977, bungwe litatenga dzina la TEBA, limene anthu adalisandutsa Theba, koma chiwerengero sichidafikenso pakale. Kudatheratu pa mkangano wa kuyeza magazi: pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupi-fupi 13,000 adabwezedwa.

Obwerera a 1974 ndi 1975 adapeza Lilongwe akusanduka likulu. Ambiri adapita ku midzi ndi ku maesiteti a fodya, koma ena adapeza ntchito ya zomanga-manga, ya ulonda ndi ya m'mafakitale a ku Kanengo, napeza mapoloti m'madera a nyumba zomanga okha. Mzinda umene adalowamo nawo udali wochita kupanga. Bungwe la Capital City Development Corporation, lokhazikitsidwa mu 1968, lidaumanga ndi thandizo la ngongole ya ku South Africa, ndipo madera ake adapatsidwa manambala monga mabokosi a ndandanda ya Zamenhof. Manambalawo satsata kuyandikana: Area 23 ili kum'mwera cha kum'mawa, Area 25 ili kumpoto, ndipo mlendo woganiza kuti angayende pansi kuchoka kwina kupita kwinako adzafika miyendo itatupa. Kawale pa mapu ndi Area 7, Biwi ali m'Area 8, koma palibe kondakitala amene amaitanira choncho. Ndipo m'kati mwa Chinsapo kapena Mgona, m'mene tinjira tiribe maina, nambala siithandiza konse. Munthu amalondoleredwa ndi mau oloza: mukafika paja padali chigayo paja, mukhotere uku, osati uko, mufunse nyumba ya agogo aja ogulitsa makala. Wodziwa paja amafika. Wosadziwa amagona panja.

M'madera amenewa Chilapalapa sichidaphuke. Chidasiya timau towerengeka, monga fosholo, chibalo ndi ayikona, koma lo sadalowe m'Chichewa, chifukwa padalibe malo opanda mwini oti akhalepo. Mkulu wa ku Area 25 akamasimba za ku Joni, nkhani yonse imayenda m'Chichewa, ndi kuja, muja ndi mnzanga uja wa ku Mzimba. Chilapalapa chimatulukira pokha-pokha pamene akutsanzira liu la bwana, ndipo ana amaseka.

Ku South Africa nkhani yake idapindika mosayembekezeka. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, mabungwe a antchito ndi makampani ena adayesa kuchichotsa m'migodi, ponena kuti ndi chotsalira cha ukapolo. Koma mu August 2012, pa chionetsero cha ku Marikana pamene apolisi adapha antchito 34, onyanyala ntchitowo, amene adali a mitundu yosiyana-siyana, ankalankhulana pa phiri lawo m'Fanakalo, ndipo ankafuna kuti ofuna kukambirana nawo alankhule chomwecho. Patapita mibadwo ingapo ya kugawana mdima umodzi, chinenero cha bwana chidali chitasanduka cha iwo eni.

Kwa otsala m'Malawi, nkhani ya migodi tsopano ili pa mapepala. Mu 2019 bwalo la milandu ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wa marandi 5 biliyoni wolipira anthu amene adadwala matenda a fumbi la mwala ndi chifuwa chachikulu m'migodi ya golide ya makampani asanu ndi limodzi, kuyambira mu March 1965, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo. Amalawi ali m'gulu la oyenera kupempha. Apa uja, amene ndi mfumu pa mpope ndi pa maliro, amasowa mphamvu. Mai wamasiye wa ku Area 23 amadziwa bwino lomwe kuti malemu ankagwira kuja, ndi anzawo aja, m'zaka zija asadabadwe mwana wachiwiri, ndipo oyandikana naye onse angachitire umboni. Kalaliki ndi mlendo. Iye amafunsa dzina la mgodi, chaka cholowera, chaka chotulukira, ndi nambala imene Wenela idalemba pa khadi, pambali pa chidindo cha chala.